Za Kukonzanso Cipatala Cakale ca ku London

Ife amene tizolowera kumata nyumba zathu ndi kufolera udzu mvula isanagwe, timayesa kuti nyumba ya miyala ikatha kumangidwa, nchito yathera pomwepo. Mbiri ya cipatala ca St Bartholomew, ca m'mzinda wa London, itiuza zina.

Anaciyamba munthu dzina lace Rahere, wa m'bwalo la mfumu Henry woyamba, m'caka ca 1123. Iyeyu atapita ku Roma anadwala kwakukuru, nawinda kuti akacira adzamangira aumphawi nyumba ya odwala. Anacira, nabwerera kwao, nacita monga anawinda. Ndipo cipatalaco ciri pa malo omwewo kufikira lero lino. Moto waukuru wa 1666 sunacifike, koma nyumba zace zinakalamba, ndipo akuru a cipatala anapangana kumanga zatsopano. Mmisiri James Gibbs anawalembera mamangidwe a nyumba zinai zozinga bwalo, osalandirapo malipiro, nayamba kumanga m'caka ca 1730.

Tsono pano pali cotidabwitsa. Nyumba imene anayambira, ya kumpoto, inalibe kama wa wodwala ngakhale mmodzi. Munali cipinda cacikuru ca misonkhano, ndipo pa makoma ace analembapo maina a opereka, yense ndi ndalama zace. Pakumva izi poyamba tinang'ung'udza, tinati, Kodi odwala adikire kuti acuma alemekezedwe? Koma cipatala cinalibe cuma comangira zinazo. Zinayembekeza mphatso za anthu omwewo, ndipo ngakhale anatero, nchito yonse inatenga zaka pafupi 40. Kapena akuruwo anadziwa mtima wa munthu koposa ife.

Pa makoma a makwerero okwerera ku cipindaco pali zithunzi ziwiri zazikuru. William Hogarth, amene anabadwira pafupi ndi cipatalaco, pakumva kuti nchitoyo ifuna kupatsidwa kwa mlendo wa ku Italy, anadzipereka kuzijambula kwaulere: Thamanda la Betesda m'caka ca 1736, ndi Msamariya wacifundo m'caka ca 1737. Potero wacuma ali yense wokwera kumsonkhano anayenera kupitirira pamaso pa akhungu ndi opuwala, asanakhale pansi ndi anzace. Odwala a pa thamandalo anawajambula mosamala kotero kuti madokotala akhala akuyesa kuchula nthenda ya yense poona cithunzi cokha.

Nanga miyala ija? Anaitenga ku Bath, ndipo utsi wa malasha wa ku London unaidya, kufikira kuti m'zaka za m'ma 1850 anacita kukuta makoma ndi miyala yolimba ya ku Portland. Nyumba ya kumwera anaigwetsa m'zaka za m'ma 1930, namangapo yina. Za Gibbs zatsala zitatu. Ya kumpoto nayonso inafooka: madzi analowa ku denga, mazenera anaola, ndi zithunzi zinada.

Pokumbukira kuti m'caka ca 2023 cipatala cinakwanitsa zaka 900, bungwe la Barts Heritage linasonkhanitsa ndalama zoikonzera. Amisiri anakonza denga ndi mazenera kuti madzi aleke kulowa. Ena anakwera pa nsanja, natsuka zithunzi za Hogarth pang'ono pang'ono, kucotsa litsiro la zaka zambiri osakhudza utoto wa mwini wace. M'caka ca 2025 anatsegula zitseko, ndipo anthu wamba analoledwa kukwera makwerero aja, amene kale anali a akuru ndi alendo ao.