Amene anasunga mbiri ya Beatles: ana a sukulu, akuba ndi otolera

Pa 6 Julaye 1957, mnyamata wina wa ku Woolton, kumalire a mzinda wa Liverpool, ananyamula makina ojambulira mawu a mtundu wa Grundig n'kupita nawo kuholo ya tchalitchi cha St Peter's. Kunali chisangalalo cha mpingo, ndipo madzulo ake kagulu ka anyamata a sukulu kotchedwa Quarrymen kankayembekezeka kuimba. Mnyamatayo anajambula nyimbo zingapo, kenaka anabwerera kwawo. Sankadziwa kuti woimba wa zaka 16 uja, John Lennon, anali atangodziwana tsiku lomwelo ndi mnzake wa zaka 15, Paul McCartney. Tepiyo inasungidwa zaka 37. Mu 1994 kampani ya EMI inaigula pa okushoni ya Sotheby's ku London pa mtengo wa mapaundi 78,500, ngakhale kuti mawu ake ndi osokosera kwambiri moti mpaka pano sinatulutsidwe yathunthu.

Anzanga a kuhositelo amandiseka chifukwa foni yanga yadzaza zinthu za mtundu umenewu: Beatles akulakwitsa nyimbo, akuyambiranso, akutsokomola, akukangana za gitala. Amandifunsa kuti ndimamveranji zosatha kupsa pomwe nyimbo zenizenizo zilipo. Poyamba ndinkangoyankha kuti ndimawakonda basi. Yankho lenileni ndinalipeza m'kalasi ya mbiri yakale, tsiku limene aphunzitsi athu anatifunsa kuti umboni umene timaudalira anausunga ndani, ndipo anausungiranji. Nditayesa funsoli pa gulu loimba limene ndimalikonda, ndinaona kuti gawo lalikulu la mbiri yake silinasungidwe ndi eni ake, kapena makampani, kapena nyumba youlutsira mawu. Linasungidwa ndi anthu wamba, ena a iwo ana, ena a iwo akuba.

Tiyambe ndi chimbale choyamba. Mu 1958 a Quarrymen anasonkherana ndalama n'kupita kwa Percy Phillips, bambo amene anali ndi kasitudiyo m'nyumba mwake ku Liverpool. Anajambula nyimbo ziwiri, ina ya Buddy Holly, ina yawoyawo yotchedwa In Spite of All the Danger. Chimbalecho chinali chimodzi chokha. Anagwirizana zoti azisunga mosinthana, koma chitafika kwa John Lowe, amene ankaimba piyano, chinakhazikika komweko zaka 23. McCartney anachita kuchigula mu 1981, ndipo dziko linamva nyimbozo mu 1995. Lowe akanachitaya posamuka nyumba, sitikanadziwa mmene Lennon, McCartney ndi George Harrison ankamvekera asanakhale Beatles.

Wina anganene kuti amenewo anali masiku aumphawi, gululi lisanatchuke. Koma ngakhale litatchuka, akuluakulu sankaona kuti nyimbo za achinyamata n'zofunika kusunga. Pakati pa 1962 ndi 1965 Beatles anaimba m'mapulogalamu opitirira 50 a wailesi ya BBC. Anaimba nyimbo 88 zosiyanasiyana, ndipo 36 mwa zimenezo sanaziikepo pa zimbale zawo za nthawiyo. Tepi inali yodula, choncho BBC inkafufuta zakale n'kujambulirapo zina. Mapulogalamu ambiri tikuwamva lero chifukwa achinyamata ena ankakhala pafupi ndi wailesi kunyumba, makina awo ali tcheru. Pa kanema zinali chimodzimodzi. Pa 16 Juni 1966 Beatles anaonekera okha mu pulogalamu ya Top of the Pops, koma BBC sinasunge. Mu 2019 kunatulukira kachidutswa ka masekondi 11, kopanda mawu, kamene munthu wina anajambula ndi kamera yake akuonera kanemayo pabalaza, ndipo otsatira gululi anakalandira ngati chuma.

Malonda ozembetsa nyimbo zosatulutsidwa, amene m'Chingerezi amati bootleg, anayamba mwamphamvu mu 1969. M'chaka chimenecho ku Los Angeles kunatuluka chimbale cha Bob Dylan chotchedwa Great White Wonder, chachikuto choyera chopanda chithunzi, mwini nyimbo asanavomereze. Chakumapeto kwa chakacho kunatuluka china cha Rolling Stones, chojambulidwa mobisa pa konsati ya ku Oakland. Kumayambiriro kwa 1970 inafika nthawi ya Beatles: chimbale cha Kum Back chinali ndi nyimbo zimene anajambula mu Januwale 1969, ndipo chinafika m'manja mwa anthu chimbale chovomerezeka cha Let It Be chisanatuluke. Bootleg imasiyana ndi nyimbo zowotcha zimene timazidziwa m'misika. Wowotcha amakopera chinthu chimene chili kale pa malonda n'kumugulitsa mwini pansi. Wa bootleg amagulitsa chimene mwini anachibisa, ndipo ogula ake nthawi zambiri amakhala anthu amene ali nazo kale zimbale zonse zovomerezeka. Zonse ziwiri n'zophwanya lamulo, koma zotsatira zake pa mbiri n'zosiyana.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha matepi a Januwale 1969. Mwezi umenewo Beatles ankakonzekera chimbale ndi konsati, akujambulidwa filimu, ndipo makina a mtundu wa Nagra ankatenga pafupifupi chilichonse chimene chinkalankhulidwa. Maola ake anafika cha m'ma 150. Filimu ya Let It Be ya 1970 inangotengako pang'ono, ndipo kwa zaka zambiri nkhani imene inkadziwika inali yoti mweziwo unali wa chidani chokhachokha. Matepi aja anabedwa m'zaka za m'ma 1970, n'kuyamba kutuluka pang'onopang'ono pa msika wamseri. Anthu awiri okonda gululi, Doug Sulpy ndi Ray Schweighardt, anamvetsera zidutswazo, kuzisanja tsiku ndi tsiku, n'kulemba buku lofotokoza zimene zinachitika. Imeneyi ndi ntchito ya wolemba mbiri weniweni, ngakhale umboni wake unali katundu wakuba. Mu Januwale 2003 apolisi a ku Netherlands ndi ku Britain analanda matepi pafupifupi 500. Peter Jackson atatulutsa filimu ya Get Back mu 2021, ya maola pafupifupi 8, anthu anadabwa kuona anyamatawo akuseka ndi kuchitirana nthabwala. Mikangano inalipodi, ndipo Harrison anachokadi m'gululi pa 10 Januwale kwa masiku angapo, koma panalinso chikondi. Amene ankamvetsera ma bootleg anali atazidziwa kalekale zimenezi.

Makampani nawo anaphunzira kwa akubawo. Mu 1985 EMI inakonza chimbale cha nyimbo zosatulutsidwa chotchedwa Sessions, koma a Beatles amene anali moyo pamodzi ndi banja la Lennon anachikana. Nyimbo zake zinadonthabe, ndipo mu 1988 ma CD a Ultra Rare Trax anadzidzimutsa anthu chifukwa ankamveka bwino ngati ochokera mu situdiyo ya Abbey Road momwemo. Mu 1993 kampani ina ya ku Italy, Great Dane, inatulutsa ma CD 9 a mapulogalamu a BBC aja. Chaka chotsatira kunatuluka Live at the BBC, chovomerezeka, ndipo mu 1995 ndi 1996 kunatsatira zigawo zitatu za Anthology. Mu Disembala 2013 nyimbo 59 za 1963 zinaikidwa mwakachetechete pa iTunes, pa dzina loti The Beatles Bootleg Recordings 1963. Chifukwa chake chinali lamulo la ku Ulaya lakuti chojambulidwa chimene sichinatulutsidwe pakatha zaka 50 chimataya chitetezo, pomwe chotulutsidwa chimatetezedwa zaka 70. Tingoti nkhokwe zinatseguka chifukwa cha mantha otaya ndalama, osati chifukwa chokonda mbiri.

Pano ndiyenera kunena mbali imene imandivuta, chifukwa ndikangoyamikira otolera ndikhala ndikunama. Woimba ali ndi ufulu wosankha chimene dziko limve. Mu Disembala 1962 munthu wina anajambula Beatles ndi maikolofoni imodzi ku Star-Club, malo achisangalalo a ku Hamburg. Zojambulazo zinatulutsidwa mu 1977 eni ake akukana, ndipo mpaka mu 1998, Harrison atakaperekera umboni kukhoti ku London, m'pamene anapambana mlandu woletsa malonda ake. Ine chimbalecho ndimachikonda, chifukwa chimandionetsa anyamata aukali, othamanga, osiyana ndi ovala masuti aja a pa kanema. Koma ndikaganiza zoti wina atatenga nkhani yanga yosamaliza, yodzaza zolakwika, n'kuigulitsa popanda kundifunsa, ndimamvetsa mkwiyo wa Harrison. Pali nyimbo imodzi, Carnival of Light, ya mphindi pafupifupi 14, yojambulidwa pa 5 Januwale 1967, imene mpaka pano sinatuluke, ngakhale pa msika wamseri. Mtima wanga umaifuna. Mutu wanga umavomereza kuti eni ake sanaphwanye lamulo lililonse poitsekera.

Mbali ina yovuta ndi ya zinthu zogwirika. Mu Juni 1966 kampani ya Capitol ku America inatulutsa chimbale cha Yesterday and Today, chikuto chake chikuonetsa Beatles atavala makhoti oyera a ogulitsa nyama, atanyamula nthuli ndi zidole zoduladula. Ogulitsa anadandaula, kampaniyo inaitanitsa zimbalezo, ndipo pa zambiri inangomatapo chithunzi china pamwamba. Chikuto choterocho chili ndi nkhani: chimatiuza malire a zimene anthu a nthawiyo ankalola, ndiponso mmene gululi linkatopera ndi mbiri ya anyamata aulemu. Koma taonani zinazi. Mu 1964 nsalu za pabedi zimene anagonera m'mahotela a ku America zinadulidwa tizidutswa n'kumagulitsidwa. Mu 2011 dzino la Lennon linagulidwa pa mapaundi 19,500. Mu Disembala 2015 kope nambala 0000001 la White Album, limene linali la Ringo Starr, linagulidwa pa madola 790,000, pomwe nyimbo zake n'zomwezo zimene aliyense angamve pa foni. Dzino silitiphunzitsa kanthu za Lennon. Limangotiuza kuti wogulayo anali ndi ndalama.

Apa m'pamene ndimasiyanitsa otolera awiri. Wina amasunga chinthu chifukwa chimanena kanthu, ndipo amafuna kuti chimveke. Wina amasunga chifukwa ena alibe, ndipo chisangalalo chake chimatha tsiku limene wachiwiri wakhala nacho. Woyambayo ndi mnzake wa wolemba mbiri. Wachiwiriyo, ngakhale atalipira mamiliyoni motsata lamulo, amachita zofanana ndi zimene BBC inachita pofufuta matepi, chifukwa chinthu chotsekeredwa m'sefa sichisiyana kwenikweni ndi chotayika. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa nkhani ya matepi mwambiwu ndi woona ngakhale mwasayansi: tepi imaola, imamatana, imadyedwa ndi chinyezi, ndiye imene yakoperedwa n'kugawidwa ndiyo imapulumuka.

Chitsanzo cha wotolera wabwino chilipo. Pa 4 Epulo 1963 Beatles anakaimba pa sukulu yogonera pompo ya Stowe ku England, ataitanidwa ndi kalata ya mwana wa sukulu. Mnyamata wina wa zaka 15 anajambula pafupifupi konsati yonse. Anasunga tepiyo zaka 60, ndipo itadziwika mu 2023 kudzera pa wailesi ya BBC, iye anaipereka ku British Library kuti anthu azikaimvera. Akanatha kuipititsa ku okushoni n'kulemera.

Nkhaniyi si ya ku Britain kokha. Oyandikana nafe ku Zambia anali ndi nyimbo zawo za rock m'zaka za m'ma 1970, zimene zimatchedwa Zamrock, ndi magulu ngati WITCH ndi Amanaz. Chuma cha dzikolo chitagwa ndiponso oimba ambiri atamwalira, zimbalezo zinasowa. Otolera ndiwo anazifunafuna, ndipo mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH pamodzi. Woimba wawo, Jagari Chanda, anabwereranso pa nsanja, mpaka kukaimba ku Ulaya ndi ku America. Zimenezi zinatheka chifukwa anthu ena sanataye zimbale zakale.

Ndiye tchuthi chikubwerachi, musanathandize kunyumba kutaya katoni ya makaseti imene ili pansi pa bedi, muyambe mwaitsegula. Muwerenge zolembedwa pa chikuto, mufunse akuluakulu kuti anajambula liti ndiponso kuti, mulembe mayankhowo, ndipo ngati mungapeze wailesi ya kaseti yogwira ntchito, mukopere mawuwo pa kompyuta. Mwina mungopezamo nyimbo za paukwati wa azakhali, kapena kwaya ya kumudzi imene theka la oimba ake linapita kale. Mnyamata wa ku Woolton uja nayenso ankaganiza kuti wajambula kagulu ka anyamata a sukulu basi.