Mafunso ndi Mayankho: Mapu a Pamadzi ndi Miyala Yobisika

Funso lochokera ku Domasi: Kodi mapu a pamadzi anayamba bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani sitima imatha kuomba mwala pomwe woyendetsa ali ndi mapu m'manja?

Yankho: Mapu a pamadzi amasiyana ndi a pamtunda chifukwa amaonetsa zimene maso sangaone, monga kuya kwa madzi, miyala yomira ndi milu ya mchenga. Kale woyeza ankaponya m'madzi chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, n'kulemba pamene chalekeza chikagunda pansi, kenako bwato linkasuntha kukayeza pena. Vuto linali lakuti chingwecho chinkanena za malo okhawo amene mtovu wagwera, moti mwala wosongoka wokhala pakati pa malo awiri oyezedwa unkatsala osalembedwa. Pa Nyanja ya Malawi, pamene sitima yoyamba ya moto, Ilala, inayamba kuyenda mu 1875, ntchito yotereyi inagwiridwa ndi E. L. Rhoades, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1902. Masiku ano kuya kumayezedwa ndi makina otumiza phokoso pansi pa madzi n'kuwerengera nthawi imene latenga kuti libwerere, ndipo nthambi ya boma yoona za mapu inapeza sitima yotchedwa Timba yogwirira ntchitoyi kuchokera ku Monkey Bay.

Kuopsa kwa mapu akale kunaonekera mu Ogasiti 1992, pamene sitima yaikulu ya Queen Elizabeth 2 inang'ambika kunsi itakhula miyala pafupi ndi gombe la Massachusetts ku America. Mapu ake anachokera pa kuyeza kwa mu 1939 kumene kunaphonya miyalayo, komanso liwiro linachititsa sitimayo kutitimira m'madzi kuposa mmene oyendetsa ankaganizira.

Funso: Nanga zimenezi zikukhudza bwanji nyanja zathu?

Yankho: Zikuzikhudza kwambiri, pakuti nyanja za kuno sizikhala pa msinkhu umodzi. Mtsinje wa Domasi umathira m'Nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, kotero kuti njira ya bwato yochoka pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi imatha kusanduka matope m'zaka zochepa chabe. Nayo Nyanja ya Malawi inatsika kwambiri kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930, moti madzi anasiya kutulukira mu Shire, kenako inakwera n'kufika pamwamba zedi mu 1980. Mwala umene woyeza anauona poyera m'chaka cha chilala umamira madzi akachuluka, ndipo umene unali pansi patali umayandikira thupi la sitima madzi akatsika. Nambala yolembedwa pa mapu siisintha, pomwe kuya kwenikweni kwa madzi kumasintha.

Sikuti ngozi iliyonse imachokera ku miyala. Sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 Julaye 1946 chakumpoto kwa Nyanja ya Malawi n'kupha anthu 145, inagubuduzidwa ndi namondwe. Komabe mphepo munthu sangailetse, pomwe mwala ungathe kupezedwa ndi kulembedwa, ndipo asodzi amene amadziwa pong'ambikira maukonde awo ndi oyenera kufunsidwa pa ntchitoyi. Boma liyenera kupereka ndalama zoyezeranso madoko ndi njira za sitima nthawi iliyonse madzi akasintha kwambiri.