Tindege ta m'bokosi ndi tindege ta waya

Tindege ta pulasitiki tolumikiza wekha tinayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1936, kampani ya Frog itatulutsa mtundu wotchedwa Penguin. Muyeso wake unali 1:72, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kandegeko ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Pulasitiki ya nthawiyo inkapindika ikakhalitsa. Nkhondo yachiwiri itatha kunabwera ina yolimba bwino, ndipo kampani ya Airfix, imene Nicholas Kove anayambitsa mu 1939, inayamba kugulitsa zidutswazi motchipa m'masitolo a Woolworths m'ma 1950. Mwana wa ku London ankagula ndi ndalama ya m'thumba.

Ku Usisya kunalibe sitolo yoteroyo. Malowa ali patsinde pa mapiri, nyanja ili kutsogolo, ndipo msewu wotsika kuchokera ku Mzuzu ndi wovuta mpaka lero mvula ikagwa. Katundu ankabwera ndi sitima, makamaka Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951 itabwera m'zidutswa kuchokera ku Scotland n'kudzalumikizidwa kuno. Koma ndege zinali zitafika kale m'dziko muno. Kuyambira 1949 mpaka 1950 ndege za BOAC zotera pamadzi, za mtundu wa Short Solent, zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku South Africa. M'ma 1950 Central African Airways inkayendetsa tindege ta Beaver ta injini imodzi pakati pa maboma, mpaka kumpoto.

Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja ndege anaidziwira ku Joni. Amuna a boma la Nkhata Bay ankapita kumigodi, ena pa selufu, ena kudzera ku Wenela, imene inkawanyamula pa ndege mpaka ku Francistown. Pobwera, kuwonjezera pa masutikesi ndi mabulangete, ankafotokoza za mapiko, za phokoso, za makutu otseka. Ana ankamvetsera, n'kupita kukaswa bango ndi chiwale, kupinda waya, kudula matayala pa patapata wakutha. Ndege za ana zimenezi sindizitenga ngati zotsanzira zosauka za Airfix. Wogula bokosi amapatsidwa muyeso ndi pepala lomuuza chidutswa choyambira, pamene wopinda waya amayenera kupeza yekha kutalika kwa phiko poyerekeza ndi thupi la ndege imene mwina wangoiona ili kadontho kumwamba.

M'ma 1960 Airfix inatulutsa ndege zonyamula anthu pa muyeso wa 1:144, monga Comet, Caravelle, BAC One-Eleven ndi VC10. Ziwiri zomalizazi ndi zathu ndithu. Air Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inagula One-Eleven mu 1972, ndipo mu 1974 inapeza VC10 yomwe inkauluka kuchokera ku Chileka mpaka ku London. Chaka chomwecho, pa 4 Epulo, ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito.

Amene watsegula bokosi lakale la VC10 amadziwa kuti ntchito yake imafuna mtima. Zidutswa zimabwera zili pa timitengo ta pulasitiki, ndipo chikombole chikakalamba chimasiya timinofu m'mphepete tofunika kupala ndi lezala. Guluu wake amasungunula pulasitiki kuti mbali ziwiri zigwirane, choncho dontho limodzi lopitirira limasiya chipsera chosafufutika. Injini zonse zinayi zili kumchira, ndiye usanatseke thupi umaika kamtovu kumphuno, apo ayi kandege kadzakhala pansi ndi mchira, mphuno ili m'mwamba. Chopweteka kwambiri ndi zomata za mayina ndi mizere. Zikakhala zaka 50 m'bokosi zimasanduka zachikasu, ndipo ukaziviika m'madzi ofunda zimatha kusweka ukuona. Odziwa amayamba aziika padzuwa masiku angapo kuti ziyere, kenako amazipaka vanishi wopyapyala asanazinyowetse. Ikatha, ndege ya mamita 48 imakhala ya masentimita pafupifupi 34.

Malondawa anatsika ana atatembenukira ku masewera ena. Frog inatseka mu 1976, zikombole zake zambiri n'kupita ku Soviet Union. Airfix inagwa mu 1981, inadutsa m'manja angapo, mpaka Hornby inaigula mu 2006, ndipo tsopano imatulutsanso zina zakale pogwiritsa ntchito zikombole zomwe zija. Ogula ambiri lero ndi akuluakulu aimvi.

Ndege zenizenizo nazo zinapita. VC10 ya Air Malawi inasiya kunyamula anthu mu 1979, inaimikidwa ku Chileka zaka zambiri mpaka inaphwasulidwa, ndipo kampaniyo inatha mu 2013. Zimandiwawa kuti mwana wa pasukulu ku Usisya kapena ku Chintheche sangaione ndi maso ndege imene inkanyamula dzina la dziko lake kupita nalo ku Ulaya. Wofuna kuimanganso ayenera kusaka bokosi lakale pa intaneti, kusiya zomata za BOAC, n'kulemba ndi kabulashi zilembo za 7Q zimene ndege zolembetsedwa ku Malawi zimanyamula.