Tinkati ndi tsempho

Lero ndikumbutseko za njala ya 2002. Pofika Febuluwale tinali tikudya madeya, ena zitsa za nthochi. Agogo ankati yotere anaiona mu 1949 basi.

Mwana wa mlongo wanga anali ndi zaka ziwiri. Anayamba ndi kutsegula m'mimba sabata yathunthu, atasiya n'kukana chakudya. Ife tinkangomumwetsa phala lamadzimadzi, lopanda nsinjiro, poti wodwala sadya zolemera. Kenako mapazi anatupa, masaya nawonso, tsitsi n'kufiira. Ukadina phazi ndi chala, kadzenje kankatsala. Azakhali anagamula msanga: "Tsempho iyi, bambo ake ayenda molakwika." Alamu anga anapanikizidwa ndi mafunso masiku atatu, uku mwana akungotupa.

Kuchipatala anati ndi kwashiorkor. Dzinali ndi la chilankhulo cha Ga ku Ghana, ndipo analilemba m'mabuku achipatala ndi dokotala wina, Cicely Williams, mu 1935. Limanena za matenda a mwana wochotsedwa kubere chifukwa kukubwera mnzake. Mlongo wangayo analidi woyembekezera, ndipo anali atamuletsa kuyamwa. Ndiye kuti makolo athu poletsa kutumbiza anaona bwino ndithu. Anangophonya mankhwala ake. Anamwino anatifotokozera kuti matenda amadya thupi, thupi lofooka limaitananso matenda, ndipo mwana wotere chibayo chaching'ono chimamutenga.

Nthawi imeneyo mwana wotupikana ankagonekedwa ku NRU pafupifupi mwezi, akumwa mkaka wapadera pang'onopang'ono, mayi atasiya munda ndi ana ena. Potuluka ankapatsidwa ufa wa Likuni Phala. Chiponde chinali chikuyesedwa kumene ku Blantyre, ndi Dr Mark Manary ndi anzake. Pano alangizi a zaumoyo amayeza kamkono ku sikelo, kalamba kakafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwana amalandira chiponde n'kumakadyera kunyumba, bola ngati akudya ndipo alibe matenda ena aakulu.

Muli chiyani m'chipondemo? Mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Mtedza womwe uja timauthamangitsira kwa mavenda tikangokumba, osasiyako ndowa ya nsinjiro. Inenso ndachitapo, sindikunamizani.

Mwanayo anachira, pano ali ndi banja lake. Koma akaima ndi ang'ono ake awiri, wamfupi ndi iyeyo.