Anyani a ku Malosa ndi kamwazi wa m'chigwa

Mtsinje wa Domasi umachokera pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa n'kutsetserekera ku Chilwa. Usanatipeze ife a m'chigwa umayamba wadutsa kwa anyani, apusi ndi anchima. Tinkawadziwa bwino, popeza chimanga chikayamba kukhwima ana tinkalawirira kukalinda kumunda, tili pansanja ndi malegeni, tikuomba zitini. Ndiye kamwazi akagwa m'mudzi, akuluakulu ena ankaloza kumtunda kuti anyani aipitsa madzi.

Mlandu umenewu ndi wovuta kuweruza, ndipo wazunguza akatswiri zaka zoposa zana. Pamene Alexander Hetherwick ankatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la Malemia mu 1884, n'kuti patangopita zaka zisanu ndi zinayi Fedor Lösch ataona kachilombo kotchedwa amiba m'chimbudzi cha wodwala kamwazi ku St Petersburg. Dzina lake loti Entamoeba histolytica linadza mu 1903. Mu 1908 Aldo Castellani anapeza amiba wina m'chiwindi cha pusi ku Colombo, n'kumutcha Entamoeba nuttalli.

Woyeza chimbudzi pa maikulosikopu amawerenga timaso ta mkati mwa kachikwa ka amiba. Kamodzi, kawirikawiri ndi Entamoeba chattoni, wofala mwa anyani. Tisanu ndi titatu ndi Entamoeba coli, yemwe savulaza. Tinayi ndiye pali nkhani, chifukwa histolytica woboola matumbo, dispar wosalakwa ndi nuttalli uja amaoneka chimodzimodzi. Émile Brumpt ananena mu 1925 kuti woopsayo ali ndi mnzake wofanana naye, koma anzake sanamumvere mpaka 1993, pamene umboni wa majini unamuikira kumbuyo. Nuttalli anachita kubwezeredwa dzina lake mu 2007, atamuyeza mwa pusi wa ku Nepal. Choncho zambiri zolembedwa kale zoti anyani apezeka ndi amiba wa kamwazi n'zofunika kuziyezanso ndi makina a DNA, osati ndi diso lokha.

Ine ndimaima ndi aphunzitsi a sukulu ya Jeanes, yomwe boma linatsegula pa Domasi pomwepa mu 1929. Iwo ndi akazi awo ankaphunzira zaukhondo kuti akaphunzitse kumidzi: kukumba zimbudzi, kusamala zitsime, kusesa pabwalo. Analondola, chifukwa amiba wa kamwazi amayenda makamaka kuchoka mwa munthu kupita mwa munthu, kudzera m'madzi, m'manja ndi m'ndiwo zosatsuka. Komanso si kamwazi yense wa amiba. Wambiri amabwera ndi mabakiteriya a Shigella, amene Flagyl sawagwira. Zimandipweteka kuona mayi akugulira mwana Flagyl pa okala osakayezetsa. Mankhwalawa anayamba kuchiza amiba mu 1966 ku Durban, ndipo amathandiza pokhapokha ngati matendawo alidi ake.

Nyani akhoza kutipatsira, inde. Koma nyani wotola zotsala kudzala ndi kumwa kumunsi kwa midzi yathu nayenso akhoza kutenga wathu.