Macbeth Anagwa Cifukwa Ciani? Za Mfumu ya m'Mbiri ndi Mfumu ya m'Sewero

M'caka ca 1050, mfumu ya dziko la Scotland inasiya mpando wake ndi kupita ku Rome kukapemphera. Ulendo unali wa miyezi, wa pamadzi ndi pamtunda, ndipo olemba mbiri a nthawiyo amati itafika kumeneko inagawira osauka ndalama zambiri. Dzina la mfumuyo linali Macbeth.

Amene munawerengako sewero la William Shakespeare mudabwa. Macbeth amene mumadziwa inu sakanagona ngakhale usiku umodzi kunja kwa linga lake. Iye amaopa aliyense, ali ndi akazitape m'nyumba za nduna zake, ndipo tulo sationa. Koma Macbeth weniweni anacoka miyezi yambiri, nabwerera, napeza mpando ulipo. Analamulira zaka 17, kuyambira 1040 mpaka 1057, m'nthawi imene mafumu ambiri a kumeneko sanali kukalamba pampando.

Nkhani yake yeniyeni ili tere. Macbeth anali wolamulira cigawo ca Moray, kumpoto. Duncan, amene anakhala mfumu mu 1034, sanali nkhalamba ya imvi ngati ya m'sewero; anali munthu wacinyamata, ndipo nkhondo sinali kumuyendera bwino. Anakazinga mzinda wa Durham ku England nalephera. Mu August 1040 analowa ndi asilikali m'dera la Macbeth, ndipo anafera komweko, pafupi ndi Elgin. Kalelo ufumu sunali kungocoka kwa tate kupita kwa mwana. Unali kuzungulira m'mabanja a mbumba yacifumu, ndipo kawirikawiri nkhani inali kutha ndi lupanga. Mkazi wa Macbeth, Gruoch, analinso wa magazi acifumu, ndipo comwe cinalembedwa za iye n'cakuti pamodzi ndi mwamuna wake anapereka malo kwa amonke a ku Loch Leven.

Nanga cigawenga ca m'sewero cinacokera kuti?

Shakespeare analemba Macbeth ca m'ma 1606, patapita zaka zoposa 500. Nkhani anaitenga m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, limene linasindikizidwa kaciwiri mu 1587. Bukulo linali losakaniza kale mbiri ndi nthano, koma Shakespeare anapitirira. Kupha mfumu usiku ili mlendo m'nyumba mwako, mkazi akukusonkhezera, mlandu n'kuukankhira kwa alonda, anakutenga m'nkhani ina ya m'buku lomwelo, ya Donwald amene anaphetsa mfumu Duff. Zaka zimene Holinshed amati Macbeth analamulira bwino anazitaya. Banquo, amene kwa Holinshed anathandizana ndi Macbeth pa ciwembu, anamuyeretsa.

Apa panali ndale. Mu 1603 James wa ku Scotland anakhalanso mfumu ya England, ndipo gulu la zisudzo la Shakespeare linachedwa King's Men, anthu a mfumu. Banja la James linali kunena kuti linacokera kwa Banquo. Ndani angaonetse gogo wa bwana wake ali wakupha? James analinso ndi mantha ndi ufiti: anakhulupirira kuti mfiti ndizo zinautsa namondwe pa nyanja pamene anali kubwera ndi mkazi wake kucokera ku Denmark, anafunsa yekha ena mwa oimbidwa mlandu wa ku North Berwick mu 1590, ndipo mu 1597 anatulutsa buku la za ziwanda lochedwa Daemonologie. Mu November 1605 Guy Fawkes anagwidwa ndi wonga pansi pa nyumba ya malamulo, atakonzeka kuphulitsa mfumu ndi nduna zake. Sewero la mfiti ndi kupha mfumu linafika pa nthawi yake.

Koma tisamuone ngati wongosangalatsa bwana. Zimene anasintha zili ndi nchito ina. Iye anacotsa podzikhululukira ponse. Duncan wa m'sewero ndi wofatsa, wangomukweza kumene Macbeth pa udindo, ndi mbale wake, ndiponso ndi mlendo wake usiku umenewo. Palibe dandaulo, palibe kubwezera, palibe mwambo woti agwirepo. Catsala ndi munthu yekha ndi zimene zili mumtima mwake.

Aphunzitsi ambiri amayankha msanga kuti cilema ca Macbeth ndi dyera la mpando. Ndi zoona, iye mwini amavomera zimenezi asanaphe. Ine ndimaona kuti yankholi n'loperewera. Ofuna mpando ndi ambiri, ndipo Banquo nayenso anamva lonjezo lokoma kwa mfiti zomwezo pa tsiku lomwelo, loti ana ake adzakhala mafumu, koma sanasolole mpeni. Werengani bwino: mfiti zitatu zija sizimuuza Macbeth kuti aphe munthu. Zimangomuchula maudindo atatu, womaliza ndi wa ufumu. Uthenga utangofika wakuti wapatsidwadi udindo wa Cawdor, ganizo lakupha limabwera lokha m'mutu mwake, mkazi wake asanamve n'komwe.

Comwe cimandiwawa n'cakuti munthuyu si citsiru. Usiku wa phwando amatuluka, nayima yekha, nawerenga zifukwa zonse zosaphera Duncan, ndipo zonse n'zolondola. Amafika pouza mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Mkaziyo satsutsa cifukwa ngakhale cimodzi. Amangomufunsa za umuna wake, kuti kodi ndi wamantha. Basi. Kazembe amene m'mawa mwa sewero anang'amba adani pa nkhondo amagwa ndi mau amene tonse tinawamvapo pa kona ya msewu m'komboni, pamene anyamata afuna mnzao acite cimene iye akudziwa kuti n'coipa. Saopa lupanga, koma sangapirire kuonedwa ngati wamantha.

Aristotle, Mgiriki amene analemba za masewero acisoni kalekale Yesu asanabadwe, anali ndi liu lakuti hamartia. Ambiri amalimasulira kuti cilema ca khalidwe, koma limatanthauzanso kuphonya, kulakwitsa poweruza. Kwa Macbeth zonse ziwiri zilipo, ndipo caciwirico cimakula sewero likamapita.

Taonani mmene zimayendera atakhala pampando. Imfa ya Duncan anaiganizira, anazengereza, anacita kukankhidwa. Alonda awiri aja anawapha m'mawa popanda kufunsa munthu. Za Banquo analemba ganyu zigawenga, ndipo mkazi wake sanamuuze. Pamenepa banja layamba kale kugawanika: uja anali kutsogolera tsopano akudziwa zinthu mocedwa. Fleance, mwana wa Banquo, amathawa, ndipo pa phwando Macbeth amaona mzukwa wa mnzake utakhala pa mpando wake, nabwebweta pamaso pa nduna zonse. Pofika pa banja la Macduff, mkazi ndi ana ophedwa ku Fife, palibenso phindu lililonse la ndale. Macduff mwini wathawira kale ku England. Ndi ukali cabe wa munthu amene watsimikiza kuti sadzaganizanso asanacite.

Ulendo waciwiri mfiti sizimufuna, iye ndiye amazifuna. Zimamupatsa cenjezo limodzi ndi malonjezo awiri: asamale ndi Macduff, palibe wobadwa mwa mkazi angamupweteke, sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itabwera ku phiri la Dunsinane. Munthu amene kale anali kusanthula ganizo lililonse sasanthula n'komwe cifukwa cake wacenjezedwa za Macduff ngati palibe angamuphe. Cenjezo ndi lonjezo zikutsutsana poyera, koma iye watola cokoma.

Mkazi wake amathera kwina. Uja ananena kuti madzi pang'ono atsuka zonse, tsopano amayenda ali m'tulo, kandulo m'manja, akupukuta magazi amene ena sakuwaona, akuulula zinsinsi pamaso pa dokotala ndi wanchito. Uthenga wa imfa yake ukafika, Macbeth alibe ngakhale misozi. Kenaka mlonda amabwera kudzanena kuti nkhalango ikuyenda: asilikali a Malcolm adula nthambi kuti abise kuculuka kwao. Ndipo Macduff, ali naye maso ndi maso, amamuuza kuti iye sanabadwe monga ena, anacita kutumbulidwa m'mimba mwa amai ake nthawi isanakwane. Mfiti sizinaname liu limodzi.

Macbeth amakana kugwada kwa Malcolm, namenya nkhondo akudziwa kuti watha. Kulimba mtima kumene tinamuonera poyamba ndiko kokha kwamutsalira. Macduff amalowa atanyamula mutu wake.

M'mbiri zinatenga nthawi. Siward wa ku Northumbria analowa Scotland ndi asilikali mu 1054 ndipo anapambana nkhondo yaikulu, koma Macbeth anakhalabe mfumu zaka zina zitatu. Anaphedwa ku Lumphanan mu August 1057 pomenyana ndi Malcolm, mwana wa Duncan. Ngakhale pamenepo Malcolm sanakhale pampando msanga. Anthu analonga Lulach, mwana wa Gruoch wa kwa mwamuna wake woyamba. Malcolm anapha iyenso mu 1058, nalamulira mpaka 1093.