Zimbale Zakale za Nyimbo za m'Zambia: Mtengo wa Pamsika ndi Mbiri ya Cinyanja

1. Mau Oyamba

Wofufuza mbiri ya cilankhulo amadalira kwambiri zolembedwa, monga mabuku a amishoni, madikishonale, makalata ndi nyuzipepala. Koma Cinyanja ca m'matauni, comwe cinakulira m'makomboni a Lusaka, sicinalembedwe kwenikweni, popeza aphunzitsi ndi olemba mabuku anali kuciona ngati cilankhulo copotoka. Umboni wake woculuka uli m'zimbale za nyimbo, ndipo zimbalezo zili m'manja mwa ogulitsa zinthu zakale. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mtengo umene ogulitsawa amaika ndiwo ukusankha zimbale zimene zidzasungidwa ndi zimene zidzatayika, ndiponso kuti muyeso wa msika ndi wosiyana ndi muyeso wa wofufuza cilankhulo.

2. Mmene Zimbale Zinafalira

Zimbale zoyamba kufika m'dziko muno zinali za galamafoni, zozungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi. Zinali kupangidwa ndi phula lolimba lochedwa shellac, ndipo zikagwa pansi zinali kusweka ngati phale. Pa nthawi imeneyo Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anayendayenda m'maiko a cigawo cino kujambula nyimbo. Alick Nkhata, yemwe anagwirapo nchito ndi Tracey, anachuka pa wailesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka, akuimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zilankhulo zina. Kawailesi kochipa konga sefuliya, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1949, kanafikitsa nyimbozi m'nyumba za anthu wamba.

Kenaka kunabwera zimbale za pulasitiki: zazikulu za LP, zomwe kampani ya Columbia inatulutsa ku America mu 1948, ndi zazing'ono za maulendo 45, zomwe RCA Victor inatulutsa mu 1949. M'zaka za m'ma 1970 Zambia inali kudinda yokha zimbale zoterezi. Ku Ndola kunali Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, pomwe ku Lusaka oimba ambiri anali kujambulira ku DB Studios. Capakati pa zakazo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo msika unakula. Apa ndipo panaturukira zimbale za maimbidwe ochedwa Zamrock, monga Lazy Bones!! ca gulu la WITCH ndi Africa ca Amanaz, zonse za mu 1975, pamodzi ndi za Rikki Ililonga, Musi-O-Tunya ndi Paul Ngozi. M'zaka za m'ma 1980 kalindula ndiye analanda bwalo, ndi oimba monga P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge.

Nyengo imeneyi sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa kuyambira mu 1975, ndalama zakunja zogulira zipangizo zinasowa, makaseti okopera mwakuba anadzaza misika, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Kudinda zimbale kunatha, ndipo matepi ambiri oyambirira anatayika. Cotero pa nyimbo zambiri, cimbale cakale cosungidwa m'nyumba ya munthu ndico mboni yokhayo yotsala.

3. Zimbale Zitakhala Malonda a Kunja

Kwa zaka pafupifupi makumi awiri zimbale zinalibe mtengo. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikumbukira ana akuziponyerana pabwalo, ndi zina zitakhomedwa pakhoma ngati zokongoletsa m'nyumba zomwera mowa. Zinthu zinasintha pamene osonkhanitsa zimbale a ku Ulaya, America ndi Japan anakonda Zamrock. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inadindanso nyimbo za Rikki Ililonga mu 2010, za WITCH mu 2012, ndi kaundula wa oimba ambiri wochedwa Welcome to Zamrock! mu 2017. Pa nthawi yomweyo masamba a intaneti monga eBay ndi Discogs anayamba kuonetsa poyera mitengo ya zimbale.

Pa msika wa kunjawo mtengo umatsata zinthu zinai: kusowa kwa cimbale, ubwino wake ngati sicinakalike kapena kupindika ndi dzuwa, kukhalapo kwa cikuto cake, ndiponso ngati cili ca m'kudinda koyamba. Pa zinaizi palibe ngakhale cimodzi cokhudza cilankhulo. Koposa apo, wogula wa kunja amafuna kulira kwa gitala wa magetsi, ndipo nyimbo zambiri za mtundu umenewo zinaimbidwa m'Cingelezi. Zimbale zazing'ono za kalindula, za makwaya a m'machalichi ndi za oimba osachuka, momwe muli Cinyanja ndi Cibemba ceniceni ca nthawi imeneyo, zimatsala pansi pa mulu.

4. Ogulitsa ndi Kaikidwe Kao ka Mtengo

Posonkhanitsa zimbale m'misika ya Lusaka ndi ku Migodi, takumana ndi ogulitsa a mitundu itatu.

Woyamba ndi wolowa m'cuma ca masiye: mai wofedwa kapena ana amene apeza bokosi la zimbale za malemu bambo ao. Iwowa sadziwa mtengo, ndipo kawirikawiri amati, "Perekani imene muli nayo." Apa pali ciyeso kwa wofufuza, pakuti kugula mochipa cinthu cimene iye adziwa kuti n'camtengo wapatali ndi kudyera masuku pamutu anthu olira.

Waciwiri ndi wa pamsika, amene amaunjika zimbale pamodzi ndi mawailesi akufa, mabuku ong'ambika ndi nsapato za salaula. Kale mtengo wake unali umodzi pa mulu wonse. Lero ali ndi foni m'manja. Amalembamo dzina la woimba, naona mtengo wapamwamba koposa umene wina wapempha ku Ulaya pa cimbale cosakalika, nauika pa cimbale cake cokalikakalika copanda cikuto. Sasiyanitsa mtengo wopemphedwa ndi mtengo wogulidwa. Tsiku lina mkulu wina wogulitsa anatiuza mtengo woposa malipiro athu a sabata lathunthu pa cimbale ca Zamrock copindika. Titati, "Bambo, cimbaleci singano siingayendepo," iye anayankha kuti, "Abwana, azungu sayang'ana zimenezo." Tinalephera kumvana, koma titagula zina ziwiri anationjezera mbasela ya zimbale zazing'ono zisanu za m'Cinyanja, zomwe anati zinali kumudyera malo cabe. Mbasela imeneyo ndiyo inali ndi phindu lalikulu pa nchito yathu. Wopita kwa ogulitsa otere adziwe kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: wosonyeza cilakolako pa cimbale cimodzi wadzikwezera yekha mtengo.

Wacitatu ndi mkhalapakati, amene amayenda m'makomboni kugula zimbale zosankhika kuti azitumize kunja. Iyeyu amadziwa mitengo bwino lomwe, ndipo sitimudzudzula pofuna phindu. Vuto ndi lakuti amasankha zocepa, ndipo eni ake akaona kuti zotsalazo zakanidwa ndi katswiri, amazitaya. Motero zamtengo zimaturuka m'dziko, zochipa zimaonongeka.

5. Phindu la Zimbale pa Kafukufuku wa Cilankhulo

Citsanzo cimodzi cikwanira. Mu 1977 Unduna wa Maphunziro unavomereza kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'Zambia, kuphatikizapo Cinyanja. M'caka comweco gulu la Ngozi Family linatulutsa cimbale ca 45,000 Volts, momwe muli nyimbo yochedwa Nizakupanga Ngozi. Mau oyamba a mutuwu m'Cinyanja ca m'mabuku akanakhala "ndidzakupanga". Tiona kuti mlowam'malo wa mwininkhani ndi "ni-" m'malo mwa "ndi-", ndipo msintho wa nthawi yam'tsogolo ndi "-za-" m'malo mwa "-dza-". Pano tili ndi umboni wokhala ndi caka, woonetsa kuti maonekedwe amenewa a Cinyanja ca ku Lusaka, omwe ena amawaika pa acinyamata a lero, anali atakhazikika kale pa nthawi imene akatswiri anali kukonza kalembedwe ka m'masukulu.

Nyimbo imeneyi inapulumuka cifukwa inakondedwa kunja, kufikira kuti woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatengako mbali yake mu 2024. Koma nanga nyimbo zinzake zomwe zilibe gitala wokopa alendo? Cimbale cimasunga zimene buku silingathe: kachulidwe ka mau, kukwera ndi kutsika kwa liu, mau obwerekera ku Cibemba, Cinsenga ndi Cingelezi, ndi kusinthasintha kwa zilankhulo mkati mwa ciganizo cimodzi. Ngakhale kapepala ka pakati pa cimbale kamaonetsa mmene anthu osaphunzira malamulo a kalembedwe anali kulembera cilankhulo cao.

6. Mau Otsiriza

Yunivesite siingapikisane ndi madola a osonkhanitsa a kunja, ndipo sikofunika kutero. Zimene wofufuza cilankhulo afuna ndi mau ali m'cimbale, osati kukhala mwini wa pulasitiki. Cotero tipempha zinthu zitatu. Coyamba, madipatimenti a zilankhulo agule mwadala zimbale zochipa zimene msika wazinyoza, zisanatayidwe. Caciwiri, zimbale zodula zibwerekedwe kwa eni ake pa malipiro oyenera, zijambulidwe pa kompyuta pamodzi ndi zikuto zake, kenaka zibwezedwe. Cacitatu, pa cimbale ciliconse palembedwe kumene cinapezeka, caka cake ndi cilankhulo cake, ndipo mai wofedwa uja auzidwe mtengo weniweni wa katundu wake. Aphunzitsi a Cinyanja m'masukulu angathandize kwambiri pofunsa ophunzira ao za mabokosi a zimbale osungidwa kwa agogo. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Cimbale cokalika ca m'Cinyanja cingakhale copanda mtengo ku London, koma mdzukulu wathu wofufuza mmene Lusaka inali kulankhulira mu 1977 sadzapeza mboni ina.